Manda Atatu a Pondani

Kalekale, anthu akadayenda m'tinjira ta mapazi, mchere akadautcheza okha kudambo, panali mudzi wina m'tsinde mwa phiri. Khalani bwino tsono. Amene ali ndi chifuwa atsokomoleretu, chifukwa ine ndikayamba sindibwereza.

M'mudzimo munali munthu wofolera nyumba, dzina lake Pondani. Kufolera aliyense amafolera, ngakhale bambo anu aja amayesako, koma Pondani anali wina. Denga limene wafolera iye, mvula inkangotsetsereka ngati pamsana pa bakha. Ndipo pamwamba ankapakonda kuposa chakudya. Akakwera ndi mtolo wa udzu, luzi ataluma kukamwa, ankaiwala kuti pansi pali anthu. Ankati kumeneko mphepo yake ndi ina, ndipo munthu amaona mpaka kutsidya kwa dambo.

Makolo ake anali atamwalira. Anatsala awiri, iye ndi mlongo wake wamng'ono, Msatida. Msatidayo mwamuna wake anamusiya ndi ana aang'ono, tsono mthunzi wake wonse unali Pondani. Kuyambira ali mwana, dzuwa likapendeka, Msatida ankaima pansi pa nyumba imene mlongo wake akufolera n'kumuimbira kuti atsike adzadye:

Tsikani, achimwene, tsikani,
Udzu sutha, dzuwa ndilo latha.
Tsikani, achimwene, tsikani,
Mlongo wanu ndili pansi pano.

Ndipo Pondani ankaseka, n'kutsika.

Chaka china, mitambo itayamba kusonkhana, mudzi wonse unkamulimbirana. Uyu akuti, "Yamba kwanga." Uyo akuti, "Kwanga tikuwerenga nyenyezi tili chigonere." Pondani kukana sankadziwa. Tsiku lina anakwera nyumba imene phaso lake linali lodyedwa ndi chiswe. Mwini nyumbayo ankadziwa, koma anangokhala chete poopa kuti denga lake lichedwa. Nsungwi inathyoka. Pondani anagwa, ndipo anamenyetsa chiuno pa mtondo umene unali pakhonde.

Ululu wake, ana inu, musaufune. Mwamuna wamkulu ankalira mudzi wonse n'kumamva. Tsono sing'anga anabwera ndi muzu wina wa m'mphepete mwa dambo, umene ankautcha mgonetsa. Anauviika m'madzi, ndipo anati, "Kachikho kamodzi kokha, ululu ukakula." Sing'angayo sindimunena. Muzuwo unkathandizadi. Pondani atamwa, ululu unachoka, ndipo anagona. Kutuloko anadziona ali pamwamba pa denga, chiuno chili bwinobwino, mphepo ikumuomba kumaso.

Fupa linagwirana, koma mwendo unatsala wokoka. Makwerero anamukana. Akadzuka, anali munthu wotsimphina amene ana ankamutsanzira kumbuyo. Akamwa muzu, anali Pondani wakale uja. Inu mukanasankha chiyani? Musathamangire kuyankha, simunagwepo. Kachikho kaja kanakula n'kukhala chikho, chikho chinakhala chipanda, ndipo Pondani anaphunzira kukakumba yekha muzuwo.

M'mawa wina Msatida anamupeza ali kwala pakhonde, thupi lili zii, milomo itatuwa. Anamugwedeza, koma sanayankhe. Anakuwa, ndipo mudzi wonse unathamanga. Akuluakulu anaika khutu pachifuwa pake, anapukusa mitu, n'kunena kuti, "Watisiya." Adzukulu, amene ntchito yawo ndi kukumba manda ndi kuika maliro, ananyamula makasu. Amayi anabwera ndi ufa ndi nkhuni. Nkhuku zinaphedwa. Anthu analira ndi mtima wonse, poti panalibe nyumba imene munthuyo sanaikwere.

Msatida anakhala kumutu kwa mlongo wake. Anangogwira dzanja lake n'kumaimba nyimbo ija motsitsa, kubwereza ndi kubwereza. Ndipo dzuwa litafika paliwombo, mtembo unayetsemula.

Mukanaona liwiro lake! Nkhalamba zimene zinabwera ndi ndodo zinaiwala ndodozo. Mayi wina wonenepa anapanikizika pakhomo n'kutsekereza anzake onse. Koma anthu ataona kuti Pondani akupempha madzi, anabwerera, ndipo kulira kunasanduka nthungululu.

Vuto linali limodzi: dzenje linali litakumbidwa kale. Tsono mwambo wa kumeneko unkati manda akakumbidwa sakwiriridwa opanda kanthu, chifukwa akatero amaitana munthu wina. Adzukulu anadula thunthu la nthochi, analikulunga mumphasa, n'kuliika m'malo mwa Pondani. Nkhuku zija zinadyedwa ndithu, poti nkhuku yophedwa siyetsemula. Anthu anabalalika akuseka. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti, "Nanga mawa munthuyu timuchitira chiyani?"

Kachiwiri zinachitika nyengo yobzala, mvula yoyamba itangogwa, pamene aliyense amafuna atakhala ndi manja anayi. Pondani anagwa kuseri kwa nkhokwe. Akuluakulu anamveranso pachifuwa, ndipo anati, "Ulendo uno wapitadi." Anthu anasiya mbewu m'minda n'kubwera. Misozi inalipo, koma yochepa. Msatida anaimba mpaka mawu anasasa, uku akumupukuta nkhope ndi madzi ozizira. Adzukulu atangofika kuchokera kumanda, dothi lidakali kumapazi, Pondani anatsegula maso.

Nthungululu sizinamveke. Mkulu wa adzukulu anaponya khasu pansi, nati, "Iwe Pondani, ukufuna utimalizire nthochi m'mudzi muno? Sankha chimodzi, kufa kapena kukhala. Ife tili ndi minda."

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene wapsa mtima. Anadulanso thunthu lina, anaika, ndipo anabwerera kokabzala.

Kuyambira pamenepo anayamba kumutcha Mzukwa. Akafika pabwalo, amuna ankasendera. Mbale imodzi palibe ankafuna kudya naye. Amayi ankakoka ana awo akamuona akubwera. Ndipo munthu akasowa wocheza naye, amacheza ndi chimene chilipo. Kwa Pondani chimene chinalipo chinali muzu.

Miyezi inapita. Tsiku lina, mapira atayamba kucha, Msatida anamupeza atakhala pansi pa mtengo, akuyang'ana madenga a m'mudzimo limodzilimodzi. Anakhala pambali pake.

Kenaka Pondani anati, "Mlongo wanga, usamaganize kuti muzuwu ndimaukonda. Ndimadana nawo. Koma ndikamwa ndimakhala pamwamba paja, ndipo palibe amene amanditcha Mzukwa. Ndimakumva ukuimba pansi. Ndimafuna kutsika, koma makwerero sindiwaona."

Msatida anati, "Achimwene, ine ndikufuna inu wotsimphina yemweyu. Wapamwambayo sindidya naye. Ndakusowani, chonsecho muli pompano."

Pondani analira. Ndipo anati, "Ndithandize ndisiye. Pandekha ndayesa, ndalephera."

Msatida anathamangira kwa sing'anga uja. Sing'angayo anamvetsera, n'kunena kuti, "Mankhwala ochotsa muzu umenewu ine ndilibe, mwana wanga. Umatuluka wokha, pang'onopang'ono. Adzanjenjemera, adzasanza, adzakutukwana. Asakhale yekha, usana ndi usiku, mpaka mwezi uwu ufe, wina ubadwe. Akalimba, anthu amupatse chochita ndi manja. Ndipo akadzagwanso, amene wamupeza amukokere pamthunzi, amugoneke cham'mbali, amuthire madzi, aziitana dzina lake osaleka. Koma si ntchito ya munthu mmodzi imeneyi. Iwe ndiwe mlongo wa wofolera, ukudziwa kuti mutu umodzi susenza denga."

Tsono Msatida anayamba kuyenda m'mudzi kupempha. Sankapempha ufa, sankapempha mbuzi. Ankapempha kuti anthu azisinthana kukhala ndi mlongo wake: wina m'mawa, wina masana, usiku n'kukhala wake iye.

Anayamba kwa amayi amene ankasinja pamtondo. Anagwada, nati, "Amayi anga, ndibwerekeni maso anu. Wina azikhala ndi achimwene m'mawa wokha, ine ndikalinde mapira."

Amayiwo anaimitsa minsi. Wamkulu mwa iwo anati, "Mwana iwe, ife tinamulira kawiri mlongo wakoyo. Misozi si madzi a pachitsime. Wadzifunira yekha zimenezo." Ndipo minsi inayambanso kugunda.

Anapita kwa amuna amene ankasema mipini pabwalo. Anagwada chapatali, nati, "Abambo, nyumba zanu anafolera ndi iyeyu. Wina azibwera masana adzacheze naye, ngakhale kudzasemera mpini pakhomo pathu."

Wina anati, "Kodi tinamumwetsa ndife? Mwamuna wa ndevu zake azilindidwa ngati mapira?" Anzake anaseka. Mwini nyumba ya phaso lodyedwa uja analipo. Iye sanaseke. Anangowerama n'kumapala mpini umene unali wosalala kale.

Potsiriza anapita kwa mkulu wa adzukulu. Anati, "Agogo, anyamata anu ndi amphamvu. Achimwene akayamba kuvuta, ine sindingathe kuwagwira ndekha."

Mkuluyo anamuyang'ana mwachisoni ndithu, nati, "Ndakumva, mdzukulu wanga. Koma ife ntchito yathu imayamba mpweya ukatha."

Musaganize kuti anthu amenewa anali mfiti. Ayi. Anali anthu ngati ife tomwe. Anali otopa, anali ndi minda, ndipo anali atanamizidwa kawiri ndi imfa. Mlendo akafika ankamupatsa madzi, maliro akagwa ankathamanga. Kungoti munthu amene sakufa komanso sakuchira amatopetsa, ndipo iwo anatopa.

Msatida analinda yekha. Pondani ananjenjemera ngati wa malungo. Anasanza, anatuluka thukuta, anamutukwana mlongo wake mawu amene sindinganene pamaso panu, kenaka n'kumupepesa akulira. Msatida ankagona atatsamira chitseko, mwana kumsana, wina pamwendo. Maso ake anafiira, thupi linatha. Koma pang'onopang'ono Pondani anayamba kudya. Tsiku lina anapempha yekha phala. Tsiku lina anatenga luzi n'kuyamba kulipota pantchafu, ndipo anawaseketsa ana mpaka wamng'onoyo anagwa chagada. Msatida anayang'ana nkhope imeneyo, n'kuizindikira. Anatuluka panja kukalira, koma kunali kulira kokoma.

Mwezi unali usanafe. Koma kumunda mpheta sizinkadikira mwezi. Zinagwa m'mapira ngati mtambo, ndipo m'nkhokwe munali mutatsala fumbi lokha. M'mawa wina mnzake wolima naye malire anadutsa n'kumuuza kuti, "Ukapanda kupita lero, ukakolola mapesi."

Msatida anayang'ana ana, anayang'ana mlongo wake. Pondani anati, "Pita. Ana asagone ndi njala chifukwa cha ine. Ndikhala bwino."

"Mundidikira pomwepa, achimwene?"

"Ndikudikira."

Ndipo ankanena zoona, poti mumtima mwake munalibe za muzu. Koma atatsala yekha anagona chagada, n'kuona denga la nyumba ya mlongo wake. Linali lobooka paliponse. Nyumba ya mlongo wa wofolera! Manyazi anamugwira. Anati, "Kukwera sindingathe, koma kumweta ndingathe. Akabwera apeze udzu pakhomo." Anatenga chikwakwa, n'kutsimphina kulowera kudambo.

Anamweta mtolo waukulu, waudzu wabwino. Koma pounyamula, chiuno chija chinabaya ngati mkondo. Anakhala pansi, ululu osachoka. Anayang'ana uku ndi uku, munthu panalibe. Chimene chinalipo ndi masamba a mgonetsa, pafupi ndi phazi lake. Anati, "Kamodzi kokha, ndingofika nawo kunyumba mtolowu." Anakumba, ndipo anatafuna muzu wa muyezo umene ankamwa kale. Sanadziwe kuti thupi likapuma limaiwala, ndipo muyezo wakale umakhala wakupha. Anasenza mtolo, anayenda mpaka panjira ya kuchitsime, n'kugwa chagada padzuwa.

Oyamba kudutsa anali amayi aja, mitsuko yodzaza madzi ili pamutu. Anaima. Wina anati, "Wayambanso." Wina anati, "Tikakuwa tingovutitsa anthu. Adzuka yekha monga amachitira." Ndipo analambalala. Madzi anali pamutu pawo, ana inu, madzi enieni. Koma chimene anaiwala n'chakuti Pondani sanadzukepo yekha. Kawiri konse panali munthu amene ankamuitana.

Achiwiri anali amuna a pabwalo aja, akupita kumowa. Wina anati, "Taonani Mzukwa wagona pamsewu." Wina anati, "Musamukhudze, nthochi zatsala zochepa." Anaseka n'kudumpha mtolo wa udzu uja. Mthunzi wa mtengo unali pafupi, kungomukoka pang'ono. Mwini nyumba ya phaso lodyedwa anatsalira m'mbuyo, anacheuka kawiri, kenaka anathamangira anzake.

Wachitatu anali mkulu wa adzukulu. Iye anaima, anawerama, anaika dzanja pamphuno pa Pondani. Kampweya kanalipo, kochepa ngati ka mwanapiye. Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, nati, "Akupuma. Sinakwane nthawi yathu." Ndipo anapita.

Dzuwa litapendeka, Msatida anabwera kuchokera kumunda, ali ndi ngala zingapo za mapira zoti akamukazingire mlongo wake. Anaona mtolo wa udzu panjira, kenaka anaona mapazi. Anataya zonse. Anamukokera pamthunzi, anamugoneka cham'mbali, anathamangira kuchitsime n'kubwera ndi madzi m'manja. Ndipo anayamba kuimba:

Tsikani, achimwene, tsikani,
Udzu sutha, dzuwa ndilo latha.
Tsikani, achimwene, tsikani...

Mzere wotsiriza unamukanika. Anayambanso, unamukanikanso. Anaimba mpaka mbalame zinalowa m'zisa, koma Pondani sanatsike.

Tsono mudzi wonse unabwera. Anabwera ndi makasu, ndi ufa, ndi nkhuni, ndi nkhuku. Adzukulu anakumba dzenje lachitatu pambali pa awiri aja, ndipo analikumba bwino, lakuya, losalala m'mbali. Nthochi tsiku limenelo sinadulidwe. Amayi analira mokweza, amuna anakhala pansi mitu ili pansi. Maliro anayenda mwaulemu wonse, palibe chimene chinasowa.

Mwambo wa kumeneko unkatinso namfedwa sasiyidwa yekha kufikira tsiku lometa. Ndipo anthu aja mwambo ankaudziwa. Amayi ena ankabwera m'mawa, ena masana, ena n'kugona pasiwa pomwepo. Msatida akafuna kukasamba, wina ankamuperekeza. Akakana kudya, wina ankamunyengerera ngati mwana. Ana ake anatengedwa n'kumadyetsedwa nyumba iyi lero, mawa iyo. Amuna ankabweretsa nkhuni. Ngakhale kamphindi, Msatida sanakhale yekha.

M'mawa wa tsiku lometa anamukhazika pamphasa, anthu atazungulira. Mayi wamkulu wa pamtondo uja ndiye anagwira lumo. Atangonyowetsa tsitsi, Msatida analankhula koyamba chichitikireni maliro.

"Amayi, anakonza ndani zoti muzisinthana chonchi?"

Mayiyo anati, "Palibe anakonza, mwana wanga. Ndi mwambo wathu. Munthu amene ali pamavuto sasiyidwa yekha."

"Nanga mapira anga akulinda ndani?"

Mwamuna wina anayankha monyadira, "Tikusinthananso ife, mlongo. Mpheta sizinadye ngakhale ngala imodzi."

Msatida anawayang'ana onse, mmodzimmodzi. Sanakweze mawu. Anati, "Kani mumatha. Wina m'mawa, wina masana, wina kumunda. Izi ndi zimene ndinakugwadirani, achimwene akadapuma. Mwandilinda ine masiku onsewa, ine amene sindikufa. Iwo ankafuna m'mawa umodzi wokha."

Mayi uja anaika lumo pansi. Mwini nyumba ya phaso lodyedwa anadziphimba kumaso n'kulira ngati mwana. Mkulu wa adzukulu, munthu amene sankasowa chonena pamaliro alionse, anangoweramitsa mutu.

Msatida anakalamba m'mudzi momwemo. Sanasunge mkwiyo, ndipo maliro a anzake ankapita. Koma mlongo wake anamusowa mpaka imvi. Zidzukulu zake zikamupeza atakhala yekha akuyang'ana kutali n'kumufunsa chimene akuganiza, ankangoti, "Lero tikanakhala awiri pano, tikukalamba limodzi."

Tsono mverani, inu amene maso sanatseke. Muzu uja sunathe. Masiku ano uli ndi maina ena, uli m'mabotolo, m'mapiritsi, m'zosuta. Ndipo anthu onga Pondani alipo, mumawadziwa, ena mumawaseka popita kusukulu. Munthu wogwidwa ndi zimenezi ndi wodwala, ndipo ndi wa mudzi wonse, si wa mlongo wake yekha. Akagwa kamodzi mudzutseni. Akagwa kachiwiri mudzutseni. Akagwa kachitatu, mwatopa, mwakwiya, mudzutsenibe, chifukwa simudziwa kugwa kumene kudzakhale kotsiriza. Ndipo akadzuka musabalalike, khalani naye mosinthana mpaka alimbe. Miyendo imene imathamangira kumaliro iziyamba yathamangira kwa munthu akadapuma. Kulira wakufa n'kosavuta, wakufa savutitsa. Chikondi chenicheni ndi kupirira wamoyo amene akutopetsa.

Nthano yanga ndi imeneyo, ndipo yathera pamenepa.